Onse akusankha mlenje, nkhoswe palibe woifuna

Wa ku Chinkhoma: Akuluakulu anzanga, ndabwera ndi vuto la gemu tikupanga ija, ya mudzi wa m'tsinde mwa phiri la Kasungu m'nthawi ya makolo. Wosewera amasankha kukhala mlenje, wosula zitsulo, sing'anga kapena nkhoswe, ndipo ntchito yaikulu tinaigwira polemba zokambirana za nkhoswe pa bwalo la amfumu. Loweruka tinaitana achinyamata kuti aiyese. Pofika madzulo pafupifupi onse anali atayambiranso ndi mlenje, mapointi onse okulitsira maluso atawathira pa uta ndi kuyenda monyang'ama, ndipo zolankhula za anthu a m'mudzi ankangozidumpha osawerenga. Ine ndikuganiza zochepetsa mphamvu ya uta. Kodi ndikulondola?

Wa ku Kamwendo: Achimwene, musanaukhudze utawo, tiuzeni kaye kuti wosewera amakwera levulo, kutanthauza kupeza mphamvu ndi maluso ena, akachita chiyani. Ndikufunsa chifukwa matendawa si anu okha. Gemu ya Skyrim, yomwe kampani ya Bethesda inatulutsa mu 2011, imadziwika ndi nthabwala yakuti munthu amayamba akufuna kukhala wamatsenga kapena wa lupanga, koma mapeto ake amapezeka akubisala m'ngodya ndi uta, popeza muvi woponyedwa mdani asanakuone umapweteka kawiri, ndipo ukatsegula luso loyenera umapweteka katatu.

Wa ku Chinkhoma: Mapointi amabwera ukapha chilombo kapena wachifwamba. Nkhoswe ikayanjanitsa mabanja imalandira nkhuku ndi mawu othokoza, basi.

Wa ku Kamwendo: Ndiyetu vuto silili pa uta. Mwauza wosewera ndi pakamwa kuti akhale munthu wa m'mudzi, koma malipiro onse mwawaika m'tchire. Mlimi wa kuno kwathu akaona kuti soya akugulidwa bwino kuposa mtedza, simungamudzudzule kuti alibe chikondi ndi mtedza. Soren Johnson, yemwe anatsogolera kapangidwe ka gemu ya Civilization IV, analembapo kuti osewera akapatsidwa mpata amafunafuna njira yopindulitsa mpaka kuchotsa kukoma konse kwa masewerawo, ndipo ntchito yotseka mpatawo ndi yathu ife opanga. Mukachepetsa mphamvu ya uta, sabata yamawa onse adzasamukira ku nthungo kapena nyundo ya wosula, nkhoswe ikhalabe yokha pa bwalo. Onani momwe anachitira a Vampire: The Masquerade – Bloodlines mu 2004: mapointi amabwera ukamaliza ntchito yomwe wapatsidwa, osati powerenga mitembo, choncho wonyengerera ndi mawu, wozemba ndi womenya onse amakwera. Deus Ex ya 2000 inatsatanso njira yomweyo. Kwa inu, nkhani ya mbuzi zobedwa yomwe ili m'gemu yanu ikatha, kaya yathera pa muvi kaya pa bwalo, mapointi akhale omwewo.

Wa ku Mtunthama: Ndikugwirizana nawo, koma pali china chomwe ndimachiona kushopu kwanga, komwe ana amalipira pa ola kuti asewere magemu pa kompyuta. Mwana amene wapereka ndalama ya ola limodzi, akudziwanso kuti magetsi akhoza kuthima nthawi iliyonse, safuna kuyesa munthu wofooka kuti aone ngati nkhani yake ndi yokoma. Amabwera ataonera kale pa YouTube build, kutanthauza kagawidwe ka maluso, yomwe imagwetsa bwana wa adani msanga, ndipo anzake oimirira kumbuyo kwake amamuseka akafa kawiri pamalo amodzi. Manyazi amenewo ndi amphamvu kuposa nkhani iliyonse imene tingalembe. Komanso amaopa kuwononga mapointi, poti akaika molakwika sangabweze. Baldur's Gate 3 ya kampani ya Larian, ya 2023, imalola munthu kugawanso maluso ake kwa Withers, mmodzi wa anthu a m'gemumo, polipira golide 100 yekha, ndipo ndaona kuti ana akadziwa zimenezi amalimba mtima n'kuyesa anthu achilendo. Ikani agogo ena m'mudzimo oti azigwira ntchito imeneyo pa mtengo wa nkhuku imodzi.

Wa ku Mkanda: Pepani achemwali, pa kubweza mapointi ndikusiyana nanu pang'ono. Zikakhala zotchipa kwambiri, wosewera azikhala nkhoswe pa bwalo, kenako n'kusanduka mlenje pa chipata cha nkhalango, ndipo munthu amene timafuna kuti amukonde ngati mbale wake asanduka malaya ongosintha. Mwina zizitheka kamodzi pa nyengo, pambuyo pokolola.

Ine funso langa kwa a ku Chinkhoma ndi ili: nkhoswe ikalephera kukopa amfumu, chimachitika n'chiyani?

Wa ku Chinkhoma: Mlandu umatsekeka, wosewera amabwerera pomwe anasunga gemu n'kuyesanso.

Wa ku Mkanda: Pamenepo ndi pomwe mwaiphera nkhoswe. Mlenje akaphonya amaponya muvi wina, koma wolankhula akalephera chitseko chimatsekeka, ndiye munthu wanzeru asankha uti? Disco Elysium ya 2019 ilibe nkhondo ya mtundu womwe tinazolowera, ili ndi maluso 24, ndipo kulephera kambiri kumabala zochitika zina, nthawi zina zoseketsa kuposa kupambana kwenikweniko. Ngakhale Fallout yoyamba ya 1997 inali ndi zokambirana zapadera za munthu wa nzeru zochepa, moti anthu ankadzichepetsera dala nzeru kuti azimve. Kufooka kukakhala ndi zake zoonetsa, anthu amakusankha okha. Kwathu kuno mlandu sutha chifukwa choti nkhoswe yalankhula mopotoka tsiku loyamba. Amfumu akhoza kuulepheretsa mpaka mawa, akhoza kulamula chindapusa cha mbuzi chomwe wosewera ayenera kukachisaka, kapena mbali inayo ikhoza kubwera usiku kudzapempha kuti akambirane pambali. Zonsezi ndi njira zatsopano, ndipo mlenje sangazione, chifukwa iye wakuba uja anamulasa kale.

Chinanso, zolankhula zanu ndinaziona mwezi watha, ndipo ndi zazitali. Amfumu akulankhula ndime zinayi wosewera asanapatsidwe mpata woyankha, pomwe pa bwalo lenileni anthu amavomereza, kuwomba m'manja ndi kulowererapo. Dulani kuti pakadutsa ziganizo ziwiri kapena zitatu pakhale chosankha.

Wa ku Chinkhoma: Zikomo kwambiri nonse, uta sindiukhudza. Sabata ino ndisamutsa mapointi kuchoka pa kupha kupita pa kumaliza nkhani, ndipo mlandu wa mbuzi ndiulembera njira ziwiri zolepherera, ya chindapusa ndi ya mlendo wa usiku. Za agogo obweza mapointi ndiyamba ndi kamodzi pa nyengo monga anenera a ku Mkanda. Achemwali a ku Mtunthama, ngati n'kotheka mundisungire makompyuta awiri Loweruka likubwerali m'mawa, ana asanadzaze, ndipo oyesawo musawauze chomwe tasintha.