Ndithandizeni pa pulani ya nyumba ya zipinda zinayi

Moni nonse abale ndi alongo.

Ndili ndi poloti ya mamita 15 m'lifupi ndi 30 m'litali ku Area 25, Lilongwe. Ndikufuna kumangapo nyumba yosasanja ya zipinda zogona zinayi: chathu, cha anyamata, cha mtsikana, ndi cha amayi anga omwe miyendo ikuwavuta.

Pandivuta ndi apa. Msewu uli kumadzulo, ndiye pabalaza pakayang'ana kumsewu, dzuwa la madzulo la mu Okutobala lizidzatiwotcha mpaka pa mipando. Chipinda cha amayi chiyenera kugundizana ndi bafa ndi chimbudzi, popanda sitepe. Koma mayi a kunyumba anenetsa kuti khitchini ikhale kumbuyo, yotulukira pakhonde loti azikolezerapo mbaula magetsi akathima, ndipo sindingawatsutse. Zonsezi zikulimbirana ngodya imodzi, komwenso kudzakhale septic tank.

Ndayesa kujambula ndekha, chipinda chimodzi chimangotsala chopanda windo. Mapulani a pa intaneti ali ndi garaja ya galimoto ziwiri koma alibe posungira matumba a chimanga. Mmisiri wina anandijambulira ya kanjira katali kamdima pakati, kongodya malo ndi malata.

Ndiye ndifunse: bafa ndi khitchini zingagwiritse khoma limodzi kuti mapaipi achepe, fungo osafika kophikira? Nanga mbali ya kumadzuloyo ndiikeko khonde lalikulu kapena ndisunthe pabalaza? Amene munamangapo pa poloti yopapatiza chonchi, zipinda munaziyala bwanji pulani isanapite ku khonsolo?