Ma antibody amalowa bwanji mkati mwa chotupa cha khansa?

WapaChitakale: Abale ndili pa holide kuno ku Mulanje koma assignment yandimanga, akuti ma antibody (ma protein a chitetezo cha m'thupi omwe amakakamira pa chinthu chomwe achizindikira) ngati mankhwala a khansa a trastuzumab safika pakati pa chotupa chikhalirecho amachidziwa bwinobwino, ndiye chimawatchinga nchani?

Mphwanga_wa_ku_Luchenza: Choyamba ndi kukula achimwene. IgG, womwe ndi mtundu wa antibody wa trastuzumab, ndi pafupifupi 150 kDa (muyeso wa kulemera kwa ma protein), nchinthu chachikulu, komanso mkati mwa chotupa madzi amakhala ndi pressure yokwera moti amakankhira zinthu kunja mmalo mozikoka.

AnambewePaThyolo: Zoona koma chachikulu mwasiya. Mu lab amalera timibulu ta ma cell a khansa, ma spheroid, kapena kuika chotupa mu mbewa, kenako antibody uja amamupaka utoto wowala. Ukayang'ana pa microscope kumawala kunja kokha ndi pafupi ndi mitsempha ya magazi, pakati bii! Amangokakamira pa HER2 (protein ya pamwamba pa ma cell a khansa yomwe trastuzumab amaigwira) yoyamba kukumana nayo, ngati otchola tiyi ongotchola m'mphepete mwa msewu osalowa m'munda. Ameneyo ndi binding site barrier, ndipo wogwira mwamphamvu kwambiri ndiye amatsakamira msanga.

WapaChitakale: Iii nde kungomuchepetsa basi?

AnambewePaThyolo: Ma nanobody, tizidutswa ta ma antibody a ngamila ndi llama (nyama ya mtundu wa ngamila), a 15 kDa, amalowadi msanga koma impso zimawasefa pompopompo, amathera mumkodzo.