Kodi kudziona wofunika kunalowa bwanji m'ndale za ku America?

Mayi wa ku Chilomoni: Akuluakulu, mwana wanga akuti aphunzitsi asamamudzudzule, chifukwa ku America amati kudziona wofunika n'kumene kumakhozetsa mayeso. Maganizo amenewa anayamba bwanji?

Mphunzitsi wa ku Ndirande: Mayi, nkhaniyi inalowa m'ndale mu 1986, pamene phungu John Vasconcellos anachititsa boma la California kukhazikitsa komiti yofufuza ngati kudziona wofunika kungachepetse umbanda, mimba za atsikana ndi kulephera m'kalasi. Lipoti lake linatuluka mu 1990, ndipo sukulu zambiri zinazolowera kuyamikira ana ngakhale pa zazing'ono.

Bambo wa ku Limbe: Komatu mu 2003 katswiri wa za maganizo a anthu Roy Baumeister ndi anzake, ataunika kafukufuku wambiri, anapeza kuti kawirikawiri kukhoza ndiko kumayamba, kudziona wofunika n'kumatsatira. Mwanayo ayambe wagwira mabuku, mayi.