Matabwa a chionetsero changa afumbwa, a kumyuziyamu akana kuwalandira

Wosema wa ku Chilomoni:
Anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi ntchito zoti zikaonetsedwe ku nyumba ina yosungiramo zinthu zakale mwezi wamawa. Ndinazipanga ndi zitseko, mitengo ya denga ndi nsungwi zimene eni ake anandipatsa kuchokera m'nyumba zomwe zinagumuka ku Chilobwe ndi m'munsi mwa phiri la Soche nthawi ya namondwe Freddy mu Marichi 2023. Pa zitseko zina ndinakhomerapo kanivasi yojambulidwa ndi penti wa akiliki. Mkulu woyang'anira zosungidwa kumeneko atabwera kudzaona, anapeza timabowo ting'onoting'ono ndi ufa wosalala pansi pa zitseko, ndipo kuseri kwa kanivasi kwachita chuku. Wanena mosapita m'mbali kuti sizilowa mpaka tizilombo titafa. Kusintha matabwa sindingathe, poti ntchito yonse yagona pa matabwa amenewa. Matope a tsiku limenelo akadali pomwepo ndipo ndikufuna akhale momwemo.

Kalipentala wa ku Ndirande:
Achimwene, ife timapaka palafini wosakaniza ndi oyilo wakuda wa galimoto, tizilombo timathawa. Kapena tsekerani m'chipinda muikemo mapiritsi aja amaika m'matumba a chimanga.

Mayi wosamala zakale, Zomba:
Bambo a ku Ndirande, pa mtengo wa denga oyilo amathandizadi, koma pano ayi. Adzadetsa thabwa, matope aja adzasanduka phala lakuda, ndipo fungo lake silichoka m'chipinda choonetseramo. Mapiritsiwo ndiye chonde musawayandikire. Amatulutsa mpweya wa phosphine umene umapha munthu, makamaka m'nyumba mogona ana, komanso umadya mkuwa ngati pa chitsekopo pali loko kapena mahinjesi amkuwa.

Mkulu amene wakukanizaniyo musamuone ngati mdani. Ganizani malo ngati Chamare ku Mua, kumene kuli zigoba za gule wamkulu zoposa 400 za mtengo, nthenga, zikopa ndi nsalu. Thabwa limodzi lofumbwa likalowa m'nyumba yotero, tizilombo timauluka n'kukaikira mazira pa zinthu zimene palibe angazipangenso. Inenso ndikanakana. Choyamba dziwani ngati tizilomboto tikadali moyo: sesani ufa wonse, yalani pepala lakuda pansi pa chinthu chilichonse, musachigwedeze. Mukapeza timilu ta ufa watsopano woyera, ndiye kuti mphutsi zikudya mkati.

Agogo osema a ku Dedza:
Mwana wanga, tayang'anani bwino pamene pali mabowo. Mupeza kuti ali kumbali yoyera ya thabwa, ya kufupi ndi khungwa. Mphutsi zimenezi zimalondola chakudya chimene mtengo unasunga kumeneko. Mtima wa mlombwa kapena phingo sizilimbana nawo kawirikawiri, n'chifukwa chake ife posema timayamba tachotsa choyeracho. Nsungwi ndiye zimakonda kwambiri, makamaka zodulidwa nthawi ya mvula. Akuluakulu ankadula m'chilimwe n'kuziviika mumtsinje masabata angapo zisanagwiritsidwe ntchito. Zanuzo zinadulidwa kalekale, kuviika pano sikungathandize, kungotsuka matope anu aja.

Wojambula wachinyamata, Lilongwe:
Ine ndikuona mwina. Ntchitoyi ikunena za nyumba zimene zinawonongeka, ndiye kufumbwako si mbali ya nkhani yomweyo? Bwanji osazisiya zizidyeka anthu akuona? Kunja kuno ojambula ambiri amapanga dala zinthu zoti ziwole.

Wosema wa ku Chilomoni:
Ndakumvani mng'ono wanga, ndipo ndinaziganizirapo. Koma mayi amene anandipatsa chitseko chimodzi anataya abale m'nyumba imeneyo. Anandipatsa kuti chisungike, anthu adzachione. Sindingawauze kuti ndachisiyira tizilombo.

Mayi wosamala zakale, Zomba:
Maganizo a mnyamatayu si oipa, kungoti malo ake ndi pabwalo kapena pakhonde, kutali ndi mosungira. Koma poti mwini wake akufuna zisungike, njira zopanda mankhwala zilipo ziwiri zomwe tingakwanitse kuno, kuzizira ndi kutentha.

Kuzizira: mumakulunga chinthu m'pulasitiki n'kumata bwinobwino, n'kuika m'firiji yofika madigiri 20 pansi pa ziro kwa sabata yathunthu. Potulutsa musatsegule pulasitiki mpaka tsiku lotsatira, kuti thukuta ligwire kunja osati pa thabwa. Vuto lake mukulidziwa, magetsi akathima pakati muyenera kuyambiranso kuwerenga masiku, ndipo chitseko sichingalowe m'firiji ya pakhomo. Tizidutswa ta nsungwi tokha ndi timene tingalowe.

Kwa zitseko ndingasankhe dzuwa. Tizilombo timeneti, mazira ndi mphutsi zomwe, timafa kutentha kukafika madigiri 55 n'kukhala pamenepo maola angapo. Kulungani chitseko ndi nsalu ya thonje, zitenje zakale zimachita, kenako pulasitiki wakuda, n'kumata ndi tepi osasiya mpata. Kumatako n'kofunika kwambiri: chinyezi chikamathawa m'thabwa likutentha, limang'aluka. Nsaluyo ndi yoti imwe thukuta limene limagwa mbali ya kumthunzi. Musagoneke pa dothi kapena pa simenti, sanjikani pa timitengo, ndipo pamwamba pake kutani ndi pulasitiki woonekera mkati ngati kanyumba ka nazale kuti mphepo isaziziritse. Pakati pa tsiku tembenuzani.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amagwira pulasitiki, amva kuotcha, basi akuti zatheka. Kunja kumatentha msanga koma pakati pa thabwa pamachedwa, ndipo mphutsi zili pakatipo. Tengani thabwa lina lokhuthala mofanana, boolani mpaka pakati, lowetsani choyezera kutentha, likulungeni chimodzimodzi n'kuliika pambali pake. Muyambe kuwerenga maola pokhapokha chimenecho chikawerenga 55. Mitengo ya denga yonenepa ingafune kubwereza tsiku lina.

Kalipentala wa ku Ndirande:
Zamveka mayi. Koma nyengo ino ndi ya mvula, dzuwa lotero alipeza kuti ku Blantyre? Ngati pali galimoto, atsikire nazo ku Chikwawa, kumeneko likawala limawaladi. Thabwa loyesera lija ndikhoza kuwadulira ndi kuboola ine, angondiuza kukhuthala kwake.

Mphunzitsi wa zojambula, Mzuzu:
Achimwene a ku Chilomoni, kanivasi ija ichoke kaye musanachite chilichonse mwa izi. Akiliki akazizira kwambiri amauma gwa n'kusweka, akatentha amafewa n'kumata ku nsalu yokulungira. Ngati munakhoma ndi misomali kapena masikuluu, jambulani chithunzi cha pamene inali kuti mudzabwezere pomwepo. Za chuku, musapukute ndi nsalu yonyowa, mumangolowetsa mkati. Yanikani pamthunzi podutsa mphepo, kenako sesani ndi bulashi yofewa muli panja, mutavala chotseka pamphuno. Chuku chimabwera chinyezi cha mumpweya chikapitirira 65 kapena 70 pa 100 alionse, ndiye pobwezera siyani kampata pakati pa kanivasi ndi thabwa, ndipo pokoloweka zisagunde khoma.

Wosema wa ku Chilomoni:
Zikomo nonse. Kanivasi ndinamanga ndi masikuluu, ichoka bwinobwino. Ndayankhula ndi mkulu uja, wagwirizana nayo njira ya dzuwa, ndipo akuti ndikamaliza zikakhale m'chipinda chapadera pa pepala lakuda kwa masabata awiri zisanalowe moonetsera. Bambo a ku Ndirande, zitsekozo n'zokhuthala masentimita 4, ndikupezani Loweruka. Funso latsala ndi la matope: pokulunga sagwa?

Mayi wosamala zakale, Zomba:
Ena agwa, makamaka omwe anayamba kale kutukumuka. Goneketsani chitseko mbali ya matope ili m'mwamba, yalanipo pepala lofewa musanaike chitenje, ndipo musamange mothina. Mbali imeneyo ikakhala yosalimba kwambiri, musatembenuze, ingowonjezerani tsiku. Zimene zagwa musataye, sungani m'emvulopu yolembedwa chitseko chake. Musathire guluu wa matabwa kapena vanishi kuti agwire. Nditumizireni zithunzi zapafupi za malo amene akusendeka musanakulunge, tione ngati pakufunika kumata.