Aphunzitsi akuti manotsi azitumiza pa WhatsApp, mwana ndimugulire foni?

Membala wobisika: A admin ndibiseni. Makolo anzanga, thandizeni maganizo. Mtsikana wanga akuti aphunzitsi atsegula gulu la WhatsApp, manotsi ndi mapepala a mayeso akale azitumiza kumeneko, ndiye akufuna foni yaikulu. Ine ndili ndi kamabatani. Bambo ake ali ku Joni chaka chachitatu, kuimba amaimba koma ndalama zii. Apongozi akuti mwana ndikumulera chizungu, chonsecho fizi ndimalipira ndekha ndi geni ya mandasi. Lendi nayo yakwera. Dzana ndinamupeza akumwetulira pa foni ya mwana wa aneba usiku. Ndigule kapena ayi?

Mphunzitsi wopuma: MUSAGULE mayi! Ife tinaphunzitsa ndi choko ndi bolodi, ana ankakhoza. Mphunzitsi waulesi ndi amene amathawira ku WhatsApp.

Mnyamata wa pa kabaza: Gululo liripodi, koma admin wake ndi mnyamata wa fomu 4 😂

Mayi wa ku Zomba: Ali fomu chani? Kusukuluko munakafunsa ngati gululo ndi la aphunzitsi?

Make mapasa: Wanga ndinamugulira ya ngongole, sabata yachiwiri anamubera mu minibasi ku Limbe. Ndikubwezabe ngongole ya foni yoti ikulira m'thumba mwa wakuba.

Madamu a Biology: Achikulire, ulesi ayi. Sukulu zitatsekedwa mu Marichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ana tinkawapeza kuti? Nanga Freddy atavuta mu 2023? Kalasi imodzi ana amagawana buku limodzi, ine chithunzi cha mtima ndimajambula kamodzi, chafika kwa onse.

Mphunzitsi wopuma: Madamu, 2020 yomweyo mayeso a MSCE anayenda m'mafoni momwemo mpaka kuimitsidwa, ana osalakwa kukalembanso mu Januwale 2021. Mwaiwala? Ndipo "onse" ake ati? Wa kumudzi kopanda magetsi nayenso chithunzicho chimamufika?

Madamu a Biology: Ndiye wakuba akagwiritsa mpeni, tisiye kusenda mbatata?

Mphunzitsi wopuma: Miyambi siikhozetsa mwana. Ana a lero kulemba chimangirizo sakutha, zonse "gud nyt".

Bambo wa ku Kawale: Ikani nambala ya m'bale wanu amene ali ndi foni yaikulu. TNM ndi Airtel onse ali ndi bandulo ya WhatsApp yokha, imatsika mtengo. Ma PDF mukasindikize, aziwerenga papepala.

Anti a ku Mzuzu: Nkhani pano si foni, ndi bamboyo. Ku Joni chaka chachitatu? Chemwali, kumeneko kuli mkazi. Wanganso anayamba choncho.

Wa Joni weniweni: Musatinyoze anti, kuno lendi ndi ma rand, simukudziwa mavuto athu.

Mphunzitsi wopuma: Ndanena kale, MUSAGULE. Akamwetulira pa foni ndiye kuti si Physics imeneyo.

Mayi wa ku Zomba: Mwini funso, fomu chani kodi? Yogonera kapena yoyendera? Zogonera zambiri foni amalanda pageti.

Membala wobisika: Zikomo nonse. Anti a ku Mzuzu ndilowereni ku inbox, za bambo akezo nanenso ndinamvapo.