Za kujambula msewu wa kwathu n'kuuika pa mapu a pa intaneti

Mlembi (Blantyre): Mwaswera bwanji nonse. Ndabweranso ndi nkhani ija ya mlatho wa kwathu ku Phalombe. Chikokolokereni ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, galimoto zimabwerera kutsidya, odwala n'kumawolotsedwa pamsana. Kulikonse komwe tapempha thandizo akufuna zithunzi ndi malo enieni. Achinyamata akuti tibwereke kamera yojambula mbali zonse, tiimangirire pa chisoti cha wakabaza wa njinga yamoto, ayende kuchokera pamsika mpaka kuchipatala, zithunzizo tiziike pa Google Street View kapena Mapillary, mapu a pa intaneti omwe amaonetsa zithunzi za misewu. Ku Zimbabwe, Tawanda Kanhema anachita zomwezi mu 2018 ndi ndalama za m'thumba mwake. Tikuti bwanji?

Mayi wa ku Johannesburg: Pepani a Mlembi, ine mtima wanga ukukana. Kuno zithunzi zoterezi zilipo kuyambira 2010, koma nyumba zambiri zili m'mipanda ya njerwa. Kwathu ku Phalombe bafa la amayi anga ndi la udzu, lopanda denga, ndipo lili m'mbali mwenimweni mwa msewu. Kamera ili pamutu pa munthu wokwera njinga siisuzumira m'katimo? Nanga sola ndinawagulira chaka chatha ija, ndi khola la mbuzi? Wakuba azingosankha ali khale pa foni.

Wachinyamata (Zomba): Anti, musade nkhawa. Nkhope za anthu ndi manambala a galimoto makina amaziphimba okha. Mukhozanso kupempha Google kuti iphimbe nyumba yonse, ndipo ikatero sibwezanso.

Aphunzitsi opuma ntchito: Mwana wanga, kuphimba nkhopeko kumathandiza m'tauni momwe anthu sadziwana. Kumudzi munthu timamuzindikira ndi chitenje chake, mayendedwe ake, ngakhale mtengo wa mango womwe uli pakhomo pake. Ndiye ukuti apemphe okha. Agogo omwe foni yawo ndi yamabatani, bandulo sayidziwa n'komwe, akapempha bwanji? Ku Germany mu 2010 mabanja oposa 240,000 anapempha kuti nyumba zawo ziphimbidwe, ndipo anapatsidwa mpata umenewu zithunzi zisanatuluke. Ife tikufuna titulutse kaye, odandaula adzadandaule pambuyo.

Chomwe chandisowetsa tulo kwambiri n'china. M'mbali mwa msewu womwewo muli ana achialubino omwe amasewera panja ngati anzawo. Nkhope muphimba, nanga manja ndi miyendo? Tonse tikukumbukira momwe abale athuwa ankabedwera ndi kuphedwa m'dziko muno. Sindingavomere kuti chithunzi chosonyeza khomo lomwe mwana wotere amagona chikhale poti aliyense padziko lapansi achione.

Wachinyamata (Zomba): Zimenezo sindinaziganize, aphunzitsi, ndipo zandikhudza. Komabe tikangojambula mlatho wokha, othandizawo saona kutalika kwa ulendo womwe mayi woyembekezera amayenda.

Msungichuma (Lilongwe): Kutalikako mzere wa pa mapu usonyeza, sikufuna makomo a anthu. Tikumbukirenso kuti tili ndi lamulo la 2024 loteteza mbiri za anthu, lomwe a MACRA amayang'anira. Gulu lathu lisapezeke pa mlandu chifukwa chofuna zabwino.

Mayi wa ku Johannesburg: Ndiye pali manda aja a pafupi ndi mtsinje, komanso padooko pomwe amayi amasamba akatha kuchapa. Pamenepo ndiye ayi ndithu.

Wapampando: Zikomo nonse, ndamva. Tichite motere. Kamera iyatsidwe pamlatho, pa zigwembe ziwiri zija ndi pomwe msewu unadukiratu, pofika m'midzi izimitsidwe. Tisanayambe, a Mlembi ndi ine tikaonana ndi amfumu Loweruka lino kuti aitanitse msonkhano, anthu amve okha ndipo wokana akane. Tsiku lojambula lilengezedwe kutchalitchi ndi kumzikiti. Zithunzi zonse ziyambe zaonedwa ndi komiti, muli amayi awiri a kumudzi komweko, zisanapite pa intaneti. Aphunzitsi, tikupemphani mukhale nawo m'komitiyo.

Aphunzitsi opuma ntchito: Ndavomera. Loweruka mundipeze pamsika, tipitire limodzi kwa amfumu.