Ma backup a 1.1 TB akukwana 12 TB pa S3, chikudya malo ndi chiyani?

kalulu_wa_seva:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Seva ili ndi deta ya 800 GB. Rsnapshot, pulogalamu yopanga ma backup, imasunga makope 11, a tsiku ndi tsiku 7 ndi a pa sabata 4, ndipo onse pamodzi amatenga 1.1 TB pa diski. Foda yonseyo imapita ku bucket (nkhokwe ya mafayilo) ya S3, malo a Amazon osungira deta pa intaneti, usiku uliwonse ndi rclone sync, lamulo lofananitsa mafayilo a kumeneko ndi a pa seva. Patha miyezi iwiri tsopano, `aws s3 ls --recursive --summarize`, yomwe imaphatikiza kukula kwa mafayilo a mu bucket, ikuonetsa 8.8 TB, koma CloudWatch, chida cha Amazon choonetsa ziwerengero, ikuti 12 TB. Versioning, yomwe imasunga fayilo yakale ikasinthidwa kapena kufufutidwa, ndi yoyatsa. Malo onsewa akupita kuti?

mphunzitsi_linux:
Achimwene, pali mavuto awiri osiyana apa. Ndiyambe ndi la 8.8 TB, lomwe ndi losavuta: 800 GB kuchulukitsa ka 11.

Rsnapshot imapulumutsa malo ndi ma hardlink. Fayilo yomwe sinasinthe imalembedwa kamodzi pa diski, kenako mafoda onse 11 amangoloza pa inode imodzimodziyo, chomwe ndi chizindikiro cha fayiloyo pa diski. Object storage, kasungidwe ka deta ka S3, ilibe inode, ilibenso hardlink. Dzina lililonse limakhala object yakeyake, ndipo rclone imatumiza fayilo yathunthu pa dzina lililonse. Mukafuna kutsimikiza, yesani `du -sh`, lamulo loonetsa malo omwe foda ikutenga, pa foda ya rsnapshot, kenako `du -shl`. Yachiwiriyo imawerenga hardlink iliyonse payokha, ndipo mupeza nambala yoyandikira 8.8 TB.

nyenyezi77:
Ma TB atatu ndi kanthu otsalawo ndi omwe `ls` saona. Versioning ikakhala yoyatsa, kufufuta sikuchotsa kanthu. S3 imangoika delete marker pamwamba, fayilo yakale n'kukhalabe pansi, inu n'kumailipirabe. Kulemba pamwamba pa fayilo n'chimodzimodzi. Ndiye kumbukirani kuti rsnapshot imasuntha mafoda tsiku lililonse, daily.0 (kope latsopano kwambiri) kukhala daily.1, daily.1 kukhala daily.2. Fayilo imodzi ikasintha, imalembedwanso mu foda iliyonse motsatizana, ndipo paliponse ikusiya version yakale.

Onani ndi `aws s3api list-object-versions`. Onaninso `list-multipart-uploads`, chifukwa fayilo yaikulu imatumizidwa zidutswa, ndipo intaneti ikaduka pakati zidutswazo zimatsala mu bucket osaoneka, koma zimalowa mu bilu.

Ikani lifecycle rule (lamulo loti S3 izichotsa yokha zinthu zakale) yokhala ndi NoncurrentVersionExpiration ya masiku 30 yochotsa ma version akale, ndi AbortIncompleteMultipartUpload ya masiku 7 yochotsa zidutswa zotsalazo. Musadabwe nambala ikachedwa kutsika, BucketSizeBytes, nambala ya kukula kwa bucket pa CloudWatch, imawerengedwa kamodzi patsiku, komanso lifecycle siichotsa nthawi yomweyo.

kalulu_wa_seva:
Zikomo kwambiri nonse. `du -shl` yatulutsa 8.7 TB. Ndiye ndingotumiza daily.0 yokha?

mphunzitsi_linux:
Mungatero, koma mbiri ya masiku am'mbuyo mudzaidalira ku versioning, ndipo kubwezeretsa foda yonse momwe inalili Lachiwiri lapitalo kudzakuvutani kwambiri. Ine ndikulangizani restic kapena Kopia. Izi zimadula mafayilo m'tizidutswa, n'kusunga kachidutswa kalikonse kamodzi kokha, choncho makope 11 abwerera pafupi ndi 1.1 TB ija.

Koma samalani ziwiri. `restic forget` payokha imachotsa mndandanda wa snapshot (kope la nthawi imodzi) basi, deta imatsala mpaka muyendetse `prune`, kapena mulembe `forget --prune`. Komanso prune imalemba mapaketi atsopano a tizidutswa tija n'kufufuta akale, ndiye pa bucket ya versioning akalewo amakhalabe mpaka lifecycle rule ija iwachotse. Ngati mwayatsa Object Lock, yomwe imaletsa kufufuta mafayilo kwa nthawi yoikika, sachoka mpaka nthawi yomwe munaika ithe.

Musathamangirenso ku Standard-IA, gawo la S3 la mafayilo osatsegulidwa kawirikawiri, poti ndi yotchipa. Kumeneko object yochepera 128 KB imalipiridwa ngati 128 KB, ndipo yofufutidwa masiku 30 asanakwane imalipiridwa masiku onse 30. Yambani ndi bucket yatsopano, yesani kubwezeretsa mafayilo angapo kuchokera mmenemo, kenako mufufute yakaleyo pamodzi ndi ma version ake onse.